Chimfine chafika, ulendo wa ku Mulanje uli Lachisanu: yankho langa kwa aphunzitsi a ku Katete

Lolemba usiku ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a ku Katete. Andilola kuti ndiwayankhe pano, dzina lokha ndisunge, poti mwezi uno wa mphepo ndi fumbi si iwo okha amene akuyenda ndi mpango wominira m'thumba. Analemba motere:

"Tilipo asanu a kwaya ya kutchalitchi kwathu. Kuyambira Janyuwale takhala tikusonkha ndalama kuti sukulu zikatsekera mu Ogasiti tikakwere phiri la Mulanje, tikagone pamwamba masiku atatu mpaka tikaponde pansonga ya Sapitwa. Tinyamuka Lachisanu. Tsono Lamulungu madzulo pakhosi panayamba kukanda, lero mphuno zatsekeka, ndikungoyetsemula. Mnzanga wandipatsa makapisozi a amoxicillin. Ndimwe mankhwala ati amphamvu kuti chimfinechi chithe Lachisanu lisanafike? Sindikufuna kukhumudwitsa anzanga."

Aphunzitsi, zikomo pondikhulupirira. Ine ndine munthu wokwera mapiri, si wa chipatala ayi, ndiye pamene ndinene kuti pitani ku kiliniki, mupitedi. Koma zimene mwafunsazi ndadutsamo, ndaonanso anzanga akudutsamo, ndipo ndikuyankhani mosabisa.

Mankhwala othetsa chimfine m'masiku anayi kulibe. Chimfine chimabwera ndi mavairasi, mitundu yake yoposa 200, ambiri mwa iwo a gulu lotchedwa rhinovirus, ndipo amene amachithamangitsa ndi thupi lanu lomwe. Kawirikawiri chimalimba pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu, kenako chimayamba kufooka, n'kutha pakati pa masiku 7 ndi 10. Kachifuwa kouma kamatha kutsalira mpaka milungu itatu. Amoxicillin amapha mabakiteriya, vairasi samukhudza n'komwe. Makapisoziwo abwezereni kwa mwini wake ndi ulemu. Mukawamwa popanda chifukwa, chimfine chikhala pomwepo, koma mukhoza kuonjezerapo kutsegula m'mimba kapena totupa pakhungu, ndipo kutsegula m'mimba muli pa njira yotsetsereka ya paphiri ndi vuto lalikulu kuposa mphuno yotsekeka. Mamina akasanduka achikasu kapena obiriwira pa tsiku lachinayi musadabwe. Chimfine wamba chimatero, ndipo mtundu wa mamina pawokha si chizindikiro choti mukufunika makapisozi.

Tiyeni tiwerenge masiku, pakuti apa pali nkhani yabwino. Chinayamba Lamulungu. Lachisanu lidzakhala tsiku lachisanu ndi chimodzi, ndipo tsiku limenelo simukwera kanthu koma mabasi: Katete kufika kuno ku Chipata, kudutsa pa boda ya Mwami kulowa Mchinji, Lilongwe, Blantyre, kenako msewu wodutsa m'minda ya tiyi ya ku Thyolo mpaka pa Chitakale, pamene mumapatukira ku Likhubula. Ulendo umenewu ndi wautali kwambiri, ambiri amagona panjira. Ndiye phazi loyamba paphiri mudzaliponda Loweruka masana kapena Lamulungu m'mawa, chimfine chitatha sabata yathunthu. Ngati ndi chimfine wamba, kalendala ili kumbali yanu. Ndikanakhala mtsogoleri wa gulu lanu ndikanasankha Lamulungu, kuti Loweruka likhale la kugona ndi kudya bwino m'munsi mwa phiri.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu si chimfine ayi. Ndi mawu aja oti "amphamvu". Mukufuna mankhwala oti akutontholetseni thupi kuti musamve zimene likukuuzani, mukwere basi mtima uli m'malo. Koma masiku anayi akubwerawa ndi amene mukufunika kulimva thupi lanu bwinobwino kuposa nthawi ina iliyonse, chifukwa pali matenda ena amene amayamba atavala malaya a chimfine, ndipo mapiritsi a chimfine amawathandiza kubisala.

Loyamba mwa matendawa tonse kuno kum'mawa timalidziwa: malungo. Mutu, kuphwanya m'thupi, kuzizidwa, kufooka, zonsezi munthu amangoti "ndi chimfine chabe". Udzudzu ukakulumani, malungo amatenga sabata imodzi, ziwiri, nthawi zina kupitirira, asanaonekere. Mukhoza kulumidwa ku Katete mayeso a kumapeto kwa temu ali mkati, n'kukadwalira pamwamba pa Mulanje pamene udzudzu ndi wosowa. N'zoona kuti mu Ogasiti malungo amachepa poyerekeza ndi nthawi ya dzinja, koma sathera.

Zaka zingapo zapitazo ndinatsogolera kagulu kochokera kuno ku Chipata kupita ku phiri lomwelo. Mmodzi wa ife anali mnyamata wamphamvu, wosewera mpira, amene ankanyamula chola cholemera kuposa tonse. Kuyambira pa Mchinji ndinkamuona akutulutsa mapiritsi a chimfine n'kumeza ndi madzi, ndipo nditamuyang'ana anangoti, "Kachimfine chabe, akulu." Sindinafunsenso. Tsiku loyamba anakwera bwino ndithu. Usiku wake ku nyumba yogona okwera phiri ya Chambe mapiritsi atatha mphamvu anayamba kunjenjemera mpaka mano kugundana, thupi lili ngati mbaula, kenako kusanza. Kunja kunali mdima ndi nkhungu, foni sinkagwira, njira yotsika usiku sinkatheka. Tinachezera kumupukuta ndi nsalu yonyowa ndi kumumwetsa madzi pang'onopang'ono. Kutacha tinamutsitsa mogwirizira, ife ndi anyamata onyamula katundu kusinthanasinthana, ndipo njira ya maola atatu inatitengera tsiku lonse. Kuchipatala atamuyeza anapeza malungo. Anachira, tikuthokoza Mulungu. Koma cholakwa chinali changa: ndinaona mapiritsi aja m'basi, ndinali ndi mpata womupititsa kukayezetsa tisanafike kuphiri, ndipo sindinatero chifukwa inenso ndinkafunitsitsa kuti ulendo usasokonezeke.

Choncho chinthu choyamba, aphunzitsi, si kugula mankhwala koma kupeza thermometer. Yezani thupi m'mawa ndi madzulo, musanamwe panado kapena china chilichonse, chifukwa mukayeza mutamwa kale mukudzinamiza nokha. Ikafika 37.5 kapena kupitirira, kapena mukamva kuzizidwa ndi kuphwanya m'mfundo, pitani ku kiliniki tsiku lomwelo akakubayeni chala. Zotsatira zimatuluka m'mphindi 15 kapena 20. Akapeza malungo adzakupatsani Coartem wa masiku atatu, mumalize yense, ndipo ulendo uno muusiye. Ndikudziwa ena amati "ndimaliza mankhwala Lachinayi, Lachisanu ndinyamuka". Malungo amaphwanya maselo ofiira a magazi, amene ndi omwewo onyamula mpweya m'thupi, ndipo munthu amafunika nthawi kuti mphamvu zibwerere. Ine ndinganene kuti ngakhale thupi silikutentha, kuyezetsa malungo Lachitatu kapena Lachinayi musanapite kumalo kumene kulibe chipatala ndi nzeru.

Tinene kuti malungo sanapezeke. Pali kalamulo kamene othamanga ndi ochita masewera amagwiritsa ntchito, ndipo n'kosavuta kukumbukira: khosi ndiwo malire. Ngati zonse zili kumtunda kwa khosi, kutanthauza mphuno, kuyetsemula, kukanda pakhosi, maso a misozi, mukhoza kuyenda koma mochepetsa liwiro. Zikatsikira kumunsi, ndiye chifuwa chochokera mkati chotulutsa makhololo, kubanika, kulira kwa m'chifuwa popuma, kuphwanya thupi lonse, kutentha thupi, kusanza kapena kutsegula m'mimba, pamenepo thupi likufuna mphasa, osati phiri. Chifukwa chake si kufooka kokha. Mavairasi ena, monga a fuluwenza ndi a Covid, nthawi zina amatupitsa mnofu wa mtima. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika, kukakamiza mtima ndi ntchito yolemetsa n'koopsa kwambiri. Kupweteka pachifuwa, mtima kugunda modumphadumpha, kapena kupuma movutikira mutangokhala pansi, izi si zodikira kuti tione mawa.

Njira ina yofunsira mtima ndi yaulere. M'mawa mukangodzuka, musanatsike pabedi, gwirani mtsempha wa pamkono muwerenge kugunda kwa mphindi imodzi. Chitani zimenezi kuyambira mawa mpaka Lachisanu, muzilemba m'kope. Chiwerengero chikamatsika tsiku ndi tsiku, mukuchira. Chikakhala chokwera ndi 10 kapena kuposerapo poyerekeza ndi mmene mumakhalira muli bwino, nkhondo m'thupi idakalipo.

Kenako Lachinayi m'mawa mudziyese mayeso enieni, monga mumayesera ana anu. Musamwe panado kapena mankhwala alionse a chimfine kuyambira Lachitatu usiku. Longedzani chola mmene mudzachinyamulire, muvale nsapato zomwezo, mupeze chitunda mukwere mphindi 40 mosathamanga. Ife kuno timapita ku phiri la Kanjala. Inu muli ndi mapiri a Mphangwe pafupi, ngakhale chitunda chilichonse chotsetsereka bwino chikwanira. Pokwera yesani kulankhula chiganizo chathunthu, kapena poti ndinu a kwaya, imbani mzere umodzi motsitsa. Ngati mawu akutuluka osadukaduka, mphuno n'kutseguka pamene thupi lafunda, ndipo mukapuma mphindi zisanu mtima n'kubwerera m'malo, mwakhoza. Ngati mutu ukugunda, chifuwa chikukuyimitsani, miyendo ili zii, kapena madzulo ake mukumva kudwala kuposa m'mawa, mwapeza yankho lanu mudakali pafupi ndi kwanu, kumene kubwerera n'kosavuta.

Ndikulimbikira zonsezi chifukwa Mulanje si Kanjala. Likhubula, pamene pali ofesi ya zankhalango ndi pamene mumapezera gaidi, ili pansi pa mamita 1,000. Nyumba ya Chambe ili pa mamita opitirira 1,800. Ndiye tsiku loyamba lenilenilo mumakwera pafupifupi kilomita yathunthu molunjika kumwamba, kaya mudzere njira ya Skyline yomwe ndi yachidule koma yoimirira, kaya ya Chapaluka yodutsa ku Dziwe la Nkhalamba. Nyumba ya Chisepo, imene anthu amagonapo asanapite pansonga, ili cha pa mamita 2,200. Sapitwa ndi mamita 3,002. Katete ndi Chipata zili pa mamita opitirira pang'ono 1,000, kutanthauza kuti pa Sapitwa kupuma kulikonse kumakupatsani mpweya wochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi umene munazolowera kwanu. Munthu wa mphuno zotsekeka amapumira pakamwa, ndipo mpweya wozizira ndi wouma wa pamwamba umalowa osafunditsidwa, n'kuumitsa pakhosi ndi kuutsa chifuwa.

Makutu nawonso amalowa m'nkhaniyi. Pali kanjira kakang'ono kochokera kuseri kwa mphuno kupita mkati mwa khutu, kamene kamalinganiza mpweya mukamakwera kapena kutsika. Chimfine chimakatupitsa, ndiye makutu amatsekeka, makamaka potsika. Kumeza malovu, kuyasamula ndi kutafuna chingamu zimathandiza. Khutu likayamba kupweteka kwenikweni musananyamuke, kapena nkhope ikamapweteka mbali imodzi mukawerama, kaonetseni ku kiliniki.

Ndiye pali matenda a pamalo okwera, amene amayamba kuoneka kwa anthu ena akapitirira mamita 2,500: mutu, nseru, chizungulire, kusafuna kudya, kutopa kosadziwika bwino. Mwaona vuto lake? Zizindikiro zake n'zofanana ndi za chimfine, n'zofanananso ndi za malungo. Munthu amene wakwera ali bwinobwino mutu ukamugwira pa mamita 2,700 amadziwa kuti ndi phiri. Munthu amene wakwera ali ndi chimfine ndi mapiritsi m'thumba amati "ndi chimfine changa chija", amameza awiri n'kupitirira. Mudziikire lamulo mudakali pansi, ndipo anzanu alidziwe: mutu ukakula pamene mukukwera, kapena mukayamba kudzandira, simumwa kanthu kuti mupitirire, mumatembenuka. Ubwino wa Mulanje ndi woti nyumba zogona zonse zili pansi pa msinkhu umenewu, ndiye mukatsikira ku Chisepo zambiri zimatha zokha.

Tsiku la Sapitwa ndi la manja ndi miyendo. Mumakwawa pamiyala ikuluikulu yosalala, mumalowa m'mipata ya matanthwe, malo ena mumadzikoka ndi mikono. Kuchoka ku Chisepo kupita pansonga ndi kubwerera kumadya tsiku, ndipo kutsika n'kumene anthu ambiri amavulalira, miyendo itatopa ndi maganizo atabalalika. Onjezanipo nyengo. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo usiku wa miyezi ino pamwamba madzi amatha kuundana pa udzu. Kuli chiperoni, nkhungu ija ya mvula yowaza imene inatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Imatha kufika mwadzidzidzi n'kukhala masiku angapo, njira osaoneka ngakhale mapazi khumi kutsogolo. Mu Julaye 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anasiyana ndi gaidi wake n'kupita yekha ku Sapitwa, nyengo inasintha, ndipo anamwalira ndi kuzizira. Thupi lake linapezeka patapita milungu yoposa iwiri. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni. Anthu ambirimbiri amakwera n'kutsika bwino chaka chilichonse. Koma thupi limene likulimbana ndi matenda, silinadye mokwanira ndipo lanyowa, limazizira msanga kuposa la munthu wathanzi, ndipo gaidi akanena kuti lero sitipita pansonga, mawu ake ndi omaliza.

Tsopano za mankhwala, poti ndi zimene munafunsa. Panado ndi wokwanira pa mutu ndi pakhosi: munthu wamkulu mapiritsi awiri a 500 mg, motalikitsa maola anayi kapena kuposa, osapitirira mapiritsi asanu ndi atatu pa maola 24. Chenjerani apa, pakuti mankhwala ambiri a chimfine ogulitsidwa m'masitolo, a mapiritsi ndi a ufa wosungunula m'madzi otentha, ali kale ndi paracetamol mkati, amene ndi panado yemweyo. Munthu amamwa onse awiri osadziwa kuti wabwereza, ndipo amene amavulala ndi chiwindi. Werengani pa paketi. Mukaona chlorpheniramine, amene ambiri timamudziwa kuti Piriton, dziwani kuti amagonetsa ndi kuchedwetsa maganizo. Kunyumba usiku alibe vuto, koma m'mawa wa tsiku lokwawa pamiyala musamuyandikire. Mukaona pseudoephedrine, ameneyu amatseguladi mphuno koma amathamangitsa mtima, amakweza BP ndi kusowetsa tulo, ndiye ngati muli ndi BP kapena vuto la mtima musamwe musanafunse a chipatala. Mankhwala opopera m'mphuno monga xylometazoline amathandiza kugona usiku, koma musapitirire masiku atatu otsatizana, chifukwa mukawazoloweretsa mphuno zimatsekeka kuposa kale. Ibuprofen ndimamupewa paphiri: munthu akataya madzi ambiri m'thukuta amalemetsa impso, ndipo kwa a zilonda za m'mimba ndi mdani. Ngati muli ndi mphumu, chimfine ndi mpweya wozizira ndi zinthu ziwiri zimene zimaiutsa, choncho inhaler ikhale m'thumba la jekete, osati pansi pa chola, ndipo muonane ndi a chipatala musananyamuke. Chimodzimodzi ngati ndinu mayi woyembekezera.

Masiku atsalawa, chithandizo chachikulu ndi tulo. Sukulu zatsekera, ndiye gonani msanga, masana mupumenso. Musayese "kutulutsa chimfine ndi thukuta" pothamanga. Mphamvu za miyendo zimene munasonkhanitsa miyezi yapitayi sizingathe m'masiku anayi opuma. Imwani madzi, tiyi wa mandimu ndi jinja, thobwa, phala. Izi sizipha vairasi koma zimafewetsa pakhosi ndi mamina, ndipo munthu amapezako bwino. Supuni ya uchi musanagone imachepetsa kutsokomola usiku, ndipo uchi kuno kwathu susowa. Kungoti mwana wosakwana chaka sapatsidwa uchi. Theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi owiritsa amene azizirako ndi labwino kuvumata pakhosi ndi kutsukira m'mphuno. Kufukiza nthunzi ya masamba a bulugamu, monga ankatichitira agogo, kumatsegula mphuno kwa kanthawi. Chitani mosamala, beseni likhale pansi pokhazikika ndi ana akhale kutali, chifukwa madzi owira akakhuthukira pamiyendo ulendo wathera pomwepo. Mowa ndi fodya zidikire. Ndipo pewani fumbi ndi utsi wa lupsa mmene mungathere, pakuti mwezi uno zimenezi zokha zimatha kuchititsa munthu kuyetsemula ngati wadwala.

Pa katundu ndinena zochepa. Lembani wonyamula katundu. Musachite manyazi kuti anzanu adzati mwafooka; anyamata a ku Likhubula ndi ntchito yawo, ndalama imene muwapatse ikudyetsa mabanja, ndipo inu mudzakwera ndi kachola ka madzi, jekete ndi chakudya basi. Pa salaula funani juzi ya ubweya kapena fleece, chipewa chofunda chophimba makutu, magolovesi, ndi jekete yosalowa madzi. Malaya a thonje akanyowa ndi thukuta sauma msanga, ndiye khalani ndi ena ouma m'pulasitiki oti muvale mukangofika panyumba yogona, musanayambe n'kuphika komwe. Kansalu kokulunga pakamwa ndi pamphuno m'mawa kamafunditsa mpweya musanaupume, ndipo kwa munthu wa chimfine n'kofunika ngati nsapato. Sleeping bag yofunda ndi yosakambirana, musadalire kuti mukapeza zofunda pamwamba. Tengani mapaketi angapo a ORS (ufa wa mchere ndi shuga wobwezeretsa madzi m'thupi), mafuta a Vaseline opaka pamphuno pamene pasupuka, tochi, ndi kathumba kobwezeramo matishu ogwiritsa kale ntchito kuti mutsike nawo. Chimfine chimapha chilakolako cha chakudya, koma paphiri muyenera kudya ngakhale simukumva njala: nshawa zokazinga, kandolo wophika, chiwaya cha chimanga, nthochi, ndi shuga wa tiyi wokwanira. Madzi a m'mitsinje ya pamwamba ndi ozizira kwambiri ndipo amaoneka oyera, koma a pafupi ndi nyumba zogona muziwiritsa, n'kuthira ofunda m'botolo kuti muzimwa panjira.

M'nyumba zimenezi muli malo osonkhapo moto, ndipo mlonda amathandiza ndi nkhuni. Madzulo aliyense amathamangira pafupi ndi moto, koma utsi umautsa chifuwa, ndiye inu mukafundidwa sunthirani chapatali pogona. Chimodzi chimene ndikukufunirani n'choti mphuno zanu zidzakhale zitatseguka pofika kumeneko, kuti mudzamve fungo la mkungudza wa ku Mulanje. Mtengo umenewu mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi koma paphiri limeneli, ndi mtengo wa fuko la Malawi, ndipo odula mozemba atsala pang'ono kuumaliza. Mukaona timitengo tobzalidwa kumene m'mbali mwa njira, musatiponde. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha mmene anthu ozungulira amalilemekezera monga malo a mizimu ya makolo. Gaidi akakuuzani miyambo ya pamalopo, mverani monga mumafunira kuti alendo amvere akabwera ku mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika.

Ndatsala ndi mawu anu omaliza aja, oti simukufuna kukhumudwitsa anzanu. Ndikuwamva. Ndalama yosonkha miyezi isanu ndi iwiri pa malipiro a uphunzitsi si yamasewera. Koma akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Auzeni anzanuwo lero, osati pa Mwami. Chifukwa choyamba n'choti chimfine chimafala kwambiri m'masiku awiri kapena atatu oyambirira, amene ndi ano. Ngati muli ndi pulakatisi ya kwaya sabata ino, pepesani musapite, chifukwa kuimba mothithikana m'chipinda chimodzi ndi njira yachidule yopatsira onse anayi, ndipo iwo chidzawagwira ali pakati pa phiri pamene inu mwachira. M'basi valani masiki, sambani m'manja ndi sopo, kapu ndi botolo zikhale zanuzanu. Chifukwa chachiwiri n'choti amene adzakunyamuleni zinthu zikavuta ndi iwowo, ndiye ali ndi ufulu wodziwa ndi kunenapo maganizo awo.

Mukakhala pansi ndi anzanu, musakambe ngati pali njira ziwiri zokha, kupita kapena kutsala. Mukhoza kupita nawo mpaka ku Chambe, kumene chigwa cha pamwamba ndi khoma la mwala la nsonga ya Chambe n'zokwanira kudzaza maso a munthu, kenako n'kuona mmene mwadzukira. Mukhoza kufika ku Chisepo n'kutsala ndi mlonda ndi wonyamula katundu pamene ena apita pansonga, n'kuwalandira ndi tiyi pobwera. Ndinachitapo zimenezi chaka china bondo litandivuta, ndipo tsiku limene ndinakhala pakhonde la nyumba ija ndikuyang'ana mitambo ikuyenda pansi panga ndimalikumbukira kuposa masiku ena amene ndinafika pansonga. Chofunika n'choti musatsale nokhanokha, ndiponso musatsike nokha. Mukhozanso kupempha gulu lonse kuti lisunthe ulendo ndi masiku atatu kapena anayi, poti tchuthi chidakalipo ndipo mungabwerebe nthawi yabwino Kulamba isanafike kumapeto kwa mwezi. Zikakanika zonse, Seputembala ndi mwezi wouma ndi wofundirako, ndipo phiri la Dedza, limene ndi la mamita pafupifupi 2,200 komanso lili pafupi ndi kwathu kuno kuposa Mulanje, mukhoza kulikwera pa Loweruka ndi Lamulungu limodzi.

Chifuwa chikadzapitirira milungu iwiri mutabwerako, makamaka ngati mukutuluka thukuta usiku kapena mukuonda, musadzati ndi mphepo ya paphiri. Kaperekeni makhololo akayeze TB.

Ndiye chitani chonchi, aphunzitsi. Usiku uno imbirani anzanu. Mawa yambani kulemba kutentha kwa thupi ndi kugunda kwa mtima. Lachitatu kayezetseni malungo. Lachinayi m'mawa kwerani chitunda chija ndi chola, musanamwe panado kapena mankhwala a chimfine. Mukatsika mundilembere manambala a m'kope lanu ndi mmene mwapumira pokwera, ndipo ngati mwakhoza, basi yanu ikamadutsa pa Chipata Lachisanu mundiuze nthawi. Ndili ndi jekete ya mvula ndi chipewa cha ubweya zimene ndingakubwerekeni, ndidzakudikirani nazo pa siteshoni.